Dripi ya pa Msewu wa ku Zimunya

"Ndiye mukufuna ndife kaye ndisanafe?" anafunsa a Makaiko, akuika kapu ya tiyi pansi.

"Palibe amene wanena za imfa, bambo," anayankha Tabitha, mpongozi wawo. "Ndi pepala chabe."

"Pepala lonena kuti Kefasi ndi mwana wa munthu wa ku Zimunya amene anaikidwa m'manda kalekale. Nanga ine amene ndakhala pampando pano ndikhala ndani? Mlendo wodzapempha madzi akumwa?"

Kefasi anali pakhomo akupukuta nsapato zake za kuntchito, ngakhale zinali zitawala kale. Linali Lamulungu masana, m'chaka cha 1984, m'nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri ku Sakubva. Nkhani inayamba Lachisanu, pamene kusiteshoni ya ambulansi anakhoma pakhoma mayina a anthu opita ku Harare kukachita maphunziro a gawo lachiwiri. Maphunzirowo anali a milungu isanu ndi umodzi, ndipo wobwerako ndi satifiketi ankaloledwa kuika dripi ndi kupereka mankhwala ena ali m'njira. Kale ankapitako azungu okha.

"Zaka khumi ndi zinayi, bambo," anapitiriza Tabitha. "Zaka khumi ndi zinayi akunyamula anthu pa machira. Nthawi ya nkhondo, mabomba akugwa kuchokera kumapiri uko, ankathamangirako ndani? Ine ndatha zala ndi kuchapa magazi a anthu osawadziwa pa yunifolomu imeneyi. Lero dzina la Spencer lili pakhoma, munthu wa miyezi isanu ndi itatu pantchito, amene ngakhale kumanga bandeji anamuphunzitsa ndi iwowa. La iwowa palibe."

"Spencer ndi mlamu wa a Winston," anatero Kefasi osadzutsa mutu. A Winston anali mkulu wa siteshoniyo.

"Ndiye mwakhutira ndi yankho limenelo, bambo a Ruby?"

"A Winston sanayankhe choncho. Akuti maphunzirowa ndi a nzika. Chitupa changa chili ndi chilembo cha mlendo."

"Mlendo!" A Makaiko anamenya bondo lawo. "Unabadwira kukomboni ya njanji iwe, pompano. Mchombo wako tinaukwirira kuseri kwa shedi ya masitima. Zitsulo za njanji ya ku Beira ndazisenza ndi phewa ili zaka makumi atatu."

"Mchombo sauonetsa ku ofesi, bambo," anatero Tabitha. "Amalume anga a Obed avomera. Mkulu wawo anamwalira wopanda mwana. Angolemba kalata kuti a Kefasi ndi ake, basi, chitupa chisinthidwe. Anthu ambiri muno achita zimenezo. Mukuganiza kuti a Banda a kuseri kuno anasanduka bwanji a Moyo?"

"Mayi a Ruby, takhalani chete pang'ono," anatero Kefasi. "Ndiyesa kaye njira yoongoka."

Lolemba anaima pamzere ku ofesi ya zitupa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kalaliki wa pawindo anatembenuza chitupa chija kawiri.

"Kumusha kwenyu ndekupi?" anafunsa m'Chishona.

"Kwathu ndi ku Sakubva."

"Sakubva si mudzi, ndi malo ogona anthu a ntchito. Ndikufunsa kumudzi."

"Bambo anga ndi a ku Ntcheu, ku Malawi. Koma ine sindinapondeko."

"Bweretsani pepala la kubadwa."

"Nthawi imeneyo ana a kukomboni sankawalembera."

"Ndiye mukatenge kalata kwanuko yonena kuti si inu a kumeneko."

"Akandilembera bwanji kalata anthu amene sakundidziwa?"

Kalalikiyo anakankha chitupa chija pansi pa windo n'kuitana wotsatira. Pamene Kefasi ankatembenuka anamva wina pamzere akuuza mnzake kuti mabwidi awa akuchedwetsa eni dziko. Dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi limenelo analimva kuyambira ali mwana.

Kuchoka apo anapita kwa a Winston. Anawapeza akudya mabanzi pa desiki, kiyi wa nyumba yawo yatsopano ya ku Darlington, dera limene kale munkakhala azungu, ali pambali pa telefoni.

"Bwana, ndamva kuti mmodzi mwa osankhidwa aja wadwala. Malo alipo."

"Alipo mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. A nzika."

"Inu mukudziwa kuti dripi ndimaidziwa. Chaka chija mabomba anagwa m'tauni muno, dokotala anandigwira dzanja n'kundiphunzitsa chifukwa manja anali ochepa. Ndaika madripi osawerengeka, ena pansi pa galimoto, ena m'ngalande."

"Imeneyo inali Rhodesia, shamwari," anatero a Winston, akupukuta zala pa nyuzipepala. "Pano tili ndi boma la malamulo. Kuyambira mwezi uno bokosi la madripi m'ambulansi iliyonse likhala lokhoma. Kiyi ndi wa munthu wa satifiketi. Iwe ntchito yako ndi machira, bandeji ndi okosijeni. Ndipo ndikuuze monga mnzako: chaka chamawa akayamba kuchepetsa anthu, adzayambira opanda mapepala."

"Nanga anthu a satifiketi akapita onse ku Harare, kiyi akhala ndi ndani?"

"Akhala mudilowa umu. Milungu isanu ndi umodzi si chaka."

Kunyumba sanafotokoze zonse, koma a Makaiko anali munthu woona nkhope. Masiku atatu anadutsa. Lachinayi m'mawa, Kefasi akumanga zingwe za nsapato, nkhalambayo inatuluka kuchipinda itavala jekete yake yakale ya kunjanji.

"Kefasi, nyumba ino ndi ya ndani?"

"Ya khonsolo, ababa."

"Ukachotsedwa ntchito?"

Kefasi anapitiriza kumanga zingwe za nsapato.

"Anzako akachotsedwa amakwera basi kupita kumusha, kuli munda, kuli ng'ombe. Iwe ukwera basi yopita kuti? Ku Ntcheu amene ankandidziwa anatha onse. Ruby ndi azing'ono ake akagona pati?" Anasisita batani la jekete. "Pita ku Zimunya. Katenge dzinalo. Ine ndikamwalira usadzavutike kulemba kanthu pamtanda. Mayi ako kumandako akudziwa kuti ndiwe wa ndani."

"Ababa..."

"Pita ndisanasinthe maganizo. Ndipo usabwere nalo pepalalo m'nyumba muno ine ndikuona."

Loweruka Kefasi ndi Tabitha anakwera basi ya ku Zimunya. A Obed anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, n'kulemba kalata yonena kuti Kefasi ndi mwana wa malemu mkulu wawo, Matimba, amene anamubereka kutauni. Mboni ziwiri zinasainira. Pobwerera Tabitha ankamubwerezetsa mwamuna wake dzina la mtupo, kapena kuti mfunda, wa a Matimba kuti asakaliiwale, ndipo Kefasi ankalitchula motsitsa, akuyang'ana pawindo.

Lolemba anakaika kalatayo pa desiki ya a Winston, n'kupempha kuti amusungire malo pamene chitupa chatsopano chikukonzedwa. A Winston anaiwerenga mpaka pansi, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Zaka khumi ndi zinayi ndiwe Mbewe, lero wagona wadzuka uli Matimba? Mudhara uja amabwera ndi chakudya chako pageti pano, wa jekete ya njanji, ndi ndani?"

"Ndi... amene anandilera."

"Amene anakulera." A Winston anapinda kalatayo n'kuiika mudilowa. "Malo anadzaza kale. Ndinaikapo munthu wina. Pita ukagwire ntchito."

Anatuluka mu ofesimo akumva mawu ake omwe m'makutu. Madzulo a tsikulo analephera kudyera mbale imodzi ndi bambo ake, ananena kuti m'mimba simuli bwino.

Osankhidwa aja ananyamuka. Patapita milungu itatu, Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo, uthenga unafika kuti kumudzi wina wa ku Zimunya mayi wachira kunyumba koma magazi sakuleka. Anapita Kefasi ndi dalaivala wake, Phineas. Kuchoka pa tala anayenda msewu wafumbi wa mabampu pafupifupi ola lathunthu.

Mayiyo dzina lake anali Esnath. Anamupeza atagonekedwa pamphasa, nsalu zitatu zitanyowa kale, khanda lili m'manja mwa apongozi ake. Milomo inali itayera. Kefasi anamugwira padzanja, mtima wa mayiyo unkagunda mofulumira koma mopepuka ngati ulusi. Anamusisita pamimba mwamphamvu kuti chiberekero chilimbe, anamukweza miyendo, n'kumuika pa machira. Mwamuna wake anakwera nawo kumbuyo atagwira chipewa ndi manja awiri.

Asanayende mtunda wautali, Esnath anasiya kuyankha akamamuitana dzina. Kefasi anagogoda pa galasi.

"Phineas, itana kusiteshoni. Uwauze kuti mayiyu safika popanda dripi."

Wailesi inalira kwa kanthawi, kenako anamveka mawu a Winston. "Thamangani naye basi."

Kefasi anatambasula dzanja pa kawindo n'kulanda cholankhulira. "Bwana, kwatsala mphindi makumi anayi. Alibe mphindi zimenezo. Ndiloleni nditsegule bokosi."

"Ulibe satifiketi."

"Ndiye mundiuze inuyo kuti ndimusiye afe. Nenani, mwamuna wake ali pano akumva."

"Ndanena kuti thamangani naye. Ukakhudza bokosilo, ndi zako." Wailesi inazima.

Mwamuna wa Esnath sankadziwa Chingerezi cha pa wailesi, koma anamva zonse. Anayang'ana bokosi loyera lokhomeredwa kukhoma la galimoto, anayang'ana Kefasi. Kefasi anaganiza za nyumba ya zipinda ziwiri, za Ruby amene anali pafupi kulemba mayeso, za nkhalamba ya jekete. Anakhala choncho mwina mphindi imodzi, dzanja lili pakhosi pa mayiyo, akumva moyo ukuchepa pansi pa zala zake.

"Phineas, ima. Ndipatse sipanala ya matayala."

"Mudhara, waganiza bwino?"

"Ima!"

Loko anathyoka atamenyedwa kachitatu. Mitsempha ya m'manja mwa Esnath inali itabisala yonse. Kefasi anamanga lamba pamwamba pa chigongono, anatsitsa dzanjalo pansi pa machira, anatseka maso n'kufufuza ndi nsonga ya chala. Anaupeza, wopyapyala, wothawathawa. Singano inalowa kamodzi kokha. Anapatsa mwamunayo botolo kuti alikweze m'mwamba, ndipo galimoto inanyamukanso. Botolo loyamba litatha anaika lachiwiri. Akulowa m'tauni, Esnath anatsegula maso n'kufunsa ngati mwana wayamwa.

Kuchipatala, sisitala wamkulu anayang'ana dzanja la wodwalayo n'kufunsa amene waika dripiyo. Atamuuza, anagwedeza mutu mokhutira.

"Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikulandira mtembo. Dzina lanu ndani? Ndilemba kalata kwa akuluakulu anu kuti adziwe kuti ali ndi munthu."

Kefasi anafuna kumuletsa, koma sisitalayo anali atayamba kale kulemba.

Kalata yoyamikirayo ndi imene anaiwerenga poyamba pa mlandu wake, Lachiwiri lotsatira, pamaso pa anthu atatu a komiti. Inali umboni woti anachita ntchito imene sanaloledwe. Kenako anaika loko wothyoka patebulo. Pomaliza a Winston anatulutsa kalata ya ku Zimunya ija, n'kunena modandaula kuti munthu wotha kunamiza boma za bambo ake omubereka sangakhulupirike ndi miyoyo ya anthu.

"Mayi uja ali moyo," anatero Kefasi.

"Zimenezo si zimene tikuzenga pano," anayankha wapampando. "Uthokoze kuti za kalatayi sitikuzipititsa kupolisi."

Anamuchotsa ntchito, n'kumupatsa pepala lonena kuti atuluke m'nyumba pofika kutha kwa mwezi.

Tabitha atawerenga pepalalo anakhala pansi pa simenti, miyendo itatambasuka.

"Munthu wosamudziwa, bambo a Ruby. Ngakhale dzina la mwana wake simukulidziwa. Ana anuwa simunawaganizire?"

"Ndinawaganizira."

"Ndiye?"

"Ndiye dzanja langa linali pakhosi pake, mayi a Ruby. Mukanakhala inu pa machira paja mukanafuna nditani?"

Tabitha anaphimba nkhope ndi chitenje. "Ndine ndinakukakamizani za kalata ija. Ndine."

"Ndinalola ndine," anatero a Makaiko ali pakona. "Ndinagulitsa mwana wanga, osalandirapo kanthu."

Masiku otsatirawo Kefasi anayenda m'mafakitale a matabwa ndi m'masitolo kufunafuna ntchito. Paliponse ankafunsa chitupa ndi kalata yochokera kumene ankagwira kale. A Obed anatumiza uthenga kuti Tabitha ndi ana angathe kukakhala ku Zimunya, koma za amuna awiriwo anati anthu a m'mudzi angayambe kufunsa mafunso. Mnzawo wina wa kutchalitchi analonjeza kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yake, kokwana bedi limodzi ndi mpando.

Loweruka lomaliza, katundu atamangidwa m'mitolo pakati pa nyumba, munthu anaodira pakhomo. Anali Spencer, atavala yunifolomu yatsopano ya baji paphewa. Anali atabwera dzana lake kuchokera ku Harare. Anavula chipewa n'kuima osalowa.

"Mwadzatani?" anafunsa Tabitha.

"Ndamva zonse, amai. Pepani." Anayang'ana mitolo ija. "A khonsolo andiuza kuti nyumba ino... andipatsa ine. Sindinapemphe. Mkazi wanga amafuna adziwe ngati mawindo ali ndi magalasi."

"Ali nawo. Anaika ndi amuna angawa. Mwaona, pitani."

Koma Spencer sanachoke. Ankapotokola chipewa chija m'manja, maso ali pa Kefasi amene anali atakhala pa mtolo wa mabulangete.

"Mukoma Kefasi, pali china. Lolemba ndiyamba. Andipatsa kiyi wa bokosi." Anatsitsa mawu. "Kumaphunziro kuja tinkabaya dzanja la labala. Mitsempha yake ndi yaikulu ngati paipi, siithawa. Pa munthu weniweni ndinayesa kawiri m'wodi, kawiri konse ndinaphonya, anamaliza ndi nesi. Satifiketi andipatsa, koma ndikapeza munthu ngati mayi wa ku Zimunya uja, ndidzangomuyang'ana. Sindikugona nazo."

"Kafunseni alamu anu," anatero Tabitha. "Si ndiwo odziwa malamulo? Mwatenga malo ake, mwatenga nyumba yake, tsopano mukufuna ndi zala zake zomwe? Chokani!"

Kefasi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana baji ija. Mumtima ankafuna kuti munthuyu achoke ndi mantha ake, akawaone yekha pa msewu wafumbi. Koma amene akanagona pa machirawo sakanakhala Spencer, kapena a Winston.

"Uli ndi lamba?" anafunsa.

Spencer anapisa m'thumba n'kutulutsa lamba wa labala, watsopano, wosagwiritsidwapo ntchito.

"Bambo a Ruby!"

"Mayi a Ruby, pitirizani kumanga mbalezo."

A Makaiko anavula jekete pang'onopang'ono n'kupinda mkono wa malaya. Dzanja lawo linali lowonda, khungu lofota ngati pepala lonyowa n'kuuma.

"Phunzirira pano," anatero. "Ya nkhalamba ndi imene imavuta. Dzanjali lilibenso ntchito ina."

Spencer analowa n'kugwada pakati pa mitolo. Kefasi anamanga lamba, anatsitsa dzanja la bambo ake, n'kugwira chala cha Spencer kuchiika mkati mwa chigongono.

"Usayang'ane. Munthu wotaya magazi suuona mtsempha wake. Tseka maso. Dina pang'ono, usakanikize. Ukumva kanthu kofewa kobwerera?"

"Ayi."

"Sunthira kuno. Pano."

"Ndaumva... wathawa."

"Umathawa. Ugwire ndi chala chachikulu m'munsimu, ukoke khungu. Yambanso."

Panja lole yobwereka inaima n'kuliza hutala. Tabitha anasenza mtolo woyamba n'kutuluka osayang'ana m'mbuyo, ana akumutsatira ndi mapoto. Iwo ankapita ku Zimunya, amuna awiriwo ku kachipinda ka malata. Hutala inaliranso.

"Mukoma, akukudikirani," anatero Spencer.

"Adikire," anayankha Kefasi, misozi ikugwera pa dzanja la bambo ake. "Nyumbayi ndi yako kuyambira mawa. Lero sunaupeze bwino. Yambanso."